Akuitanani ku intaviyu kuno ku Joni? Musakayankhe kuti "chilichonse, bwana"

Funso limene limagwetsa Amalawi ambiri pa intaviyu kuno ku Johannesburg si lovuta n'komwe. Ndi lija loti, "Mumatha ntchito yanji?" M'bale wathu, manja kumbuyo, maso pansi, mawu otsitsa ngati akulonjera apongozi, n'kuyankha kuti, "Anything, boss." Kwathu umenewo ndi ulemu. Munthuyo akufuna kunena kuti sanyada, sasankha ntchito. Koma wofunsayo amamva zina. Amamva kuti munthuyu palibe chimene amachidziwa mpaka pansi, ndiponso kuti avomera ndalama iliyonse imene angamutchulire. Ntchitoyo mwina aipeza ndithu, koma pamtengo wa kaunjika wa madzulo.

Ndiye kukonzekera kumayambira pa pepala ndi cholembera, kudakali masiku angapo. Lembani ntchito ziwiri kapena zitatu zimene mumazidziwadi, ndipo pa iliyonse muikepo dera, zaka ndi manambala. "Ndinagwirapo m'munda" ndi ndiwo zopanda mchere. Koma mukati, "Ndasamalira kapinga, maluwa ndi puulu ku Northcliff zaka zitatu, masiku atatu pa sabata, ndipo nambala ya abwanawo ndi iyi," wofunsayo amayamba kulemba. Mukatero muyeseze mokweza m'Chingerezi, mudzijambule pa foni, mumvetsere. Poyamba mudzadabwa kuti mawu anu sakumveka n'komwe. Za l ndi r zisakudetseni nkhawa kwambiri, Joni ndi mzinda wa malilime ambiri ndipo aliyense ali ndi Chingerezi chake. Koma mawu a pa ntchito yanu okha muwawongole, chifukwa "glass" ndi "grass" zikasokonekera, wa m'munda angapezeke akulonjeza kutchetcha magalasi.

Pa tsikulo muyang'aneni munthuyo m'maso, mugwireni chanza chomveka, khalani pampando akakuuzani, ndipo musagwade kapena kunjuta. Kuno munthu woyang'ana pansi amamuganizira kuti akubisa kanthu. China ndi "yes" wathu uja. Ife timati "yes" kutanthauza kuti ndikumva, pitirizani. Iwo amamva kuti wavomera, kapena kuti akudziwa. Ngati funso simunalimve, nenani kuti alibwereze pang'onopang'ono. Palibe amene anakanidwa ntchito chifukwa chopempha zimenezo, koma ambiri achotsedwa sabata yoyamba chifukwa anavomera kuti makina amawadziwa pomwe sanawagwirepo.

Mbiri yoti Amalawi ndi okhulupirika ndi olimbikira ilipodi, inayamba kalekale ndi agogo athu a nthawi ya Wenela ndi Theba. Mbiriyo imakutsegulirani geti, koma siyankha mafunso m'malo mwanu. Ndipo tinene zoona, mabwana ena akati akufuna Mmalawi amatanthauza munthu amene sadandaula.

Tibwere ku mapepala, poti apa mpamene pagona nkhani. Chidindo cha masiku 30 chimene amadinda pa Beitbridge kapena pa OR Tambo ndi cha mlendo, si chogwirira ntchito. Lamulo la za anthu olowa m'dziko la 2002 limaletsa bwana kulemba munthu amene alibe chilolezo chogwirira ntchito, n'chifukwa chake kampani iliyonse yolongosoka idzafunsa pemiti isanafunse china chilichonse, ndipo ikhoza kukaitsimikiza ku Home Affairs. Amalawi tilibe pemiti yapadera ngati ija ya anzathu a ku Zimbabwe kapena a ku Lesotho. Visa yogwirira ntchito nthawi zambiri siyambira kuno munthu ali pa chidindo cha mlendo; pempho limakayambira kwathu, ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe, ndipo amafuna kontirakiti, kalata ya ku polisi ndi masatifiketi ounikidwa ndi SAQA, bungwe la kuno lounika maphunziro. Amene muli ndi pepala la asylum, onani mzere umene ukunena zoti mukhoza kugwira ntchito, ndi tsiku limene pepalalo likutha. Akakufunsani za mapepala, nenani zimene muli nazo. Pemiti yogula pakona ndi ID ya munthu wina zimasandutsa nkhani ya ntchito kukhala mlandu wa chinyengo, ndipo paja khasu lobwereka silichedwa kuthyoka. Ntchito zina musatayirepo ndalama ya thiransipoti: ulonda wa kampani umafuna kulembetsa ku PSIRA, bungwe loyang'anira za ulonda, komwe salandira munthu amene si nzika kapena alibe permanent residence, ndipo ntchito zambiri za boma zija za fomu ya Z83 ndi chimodzimodzi.

Mapepala amene muli nawowo muwapange fotokope, mupite nawo ku polisi limodzi ndi enieniwo kuti akadinde. N'zaulere, koma pitani m'mawa mzere usanatalike, ndipo musadikire tsiku la intaviyu. Mabwana ambiri amafuna chidindo chosapitirira miyezi itatu, ena isanu ndi umodzi. Enieniwo mukaonetse, mubwere nawo. Pasipoti yanu isagone kwa bwana ngakhale usiku umodzi, kaya anene kuti akukusungirani.

Pa CV musalembe kuti muli ndi matric, satifiketi ya kuno yomalizira sekondale, ngati munalemba MSCE. Lembani MSCE, chaka chake, ndi kuti inachokera ku MANEB; za TEVETA chimodzimodzi. Wofuna kudziwa kuti ikufanana ndi chiyani kuno, yankho lake lili ku SAQA, ndipo kuunikako kumalipiridwa komanso kumatenga masabata, choncho amene mukufuna ntchito za mu ofesi, za kuchipatala kapena zaumisiri muyambe lero. CV isapitirire masamba awiri. Pamwamba dzina, nambala ya foni, dera limene mukukhala, zinenero zimene mumalankhula, mtundu wa pemiti ndi khodi ya laisensi ngati muli nayo. Nambala ya pasipoti musaikepo, CV imayenda m'manja mwa anthu ambiri. Itumizeni ngati PDF, osati chithunzi cha pepala lopindika chojambulidwa pabedi. Ngati pali chaka chimene munali kumudzi, ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay, chilembeni ndipo mukonzekere kuchifotokoza ndi chiganizo chimodzi. Mpata wosafotokozedwa umachititsa munthu kuganiza za ndende.

Pa ntchito za m'nyumba, za m'munda ndi zoyendetsa galimoto, chimene chimalemera kuposa CV ndi refelensi. Aimbireni anthuwo musanapereke manambala awo, muwakumbutse kuti ndinu ndani, munagwira liti, ndi kuti wina aimba sabata ino. Nambala ya +265 kawirikawiri saiimba, pokhapokha mutalemba kuti ili pa WhatsApp. Ndipo chonde, achimwene ndi achemwali, zomuika msuweni kuti ayerekeze kukhala adona akale zija zinatha ntchito. Woimbayo amangofunsa kuti nyumbayo inali mumsewu uti, agalu anali angati, ana amaphunzira kuti, basi msuweni wayamba chibwibwi.

Foni nayo. Nambala ya pa CV ikhale ya foni imene ili m'thumba mwanu, osati ya mlamu amene ali pa shifiti ya usiku. Yankhani manambala achilendo, ndipo ngati muli mu takisi mwaphokoso nenani kuti muimbanso pakatha mphindi khumi. Akakuitanani funsani zisanu izi musanadule: dzina la kampani kapena la banja, adilesi yonse, dzina la amene mukakumane naye, nthawi, ndi zoti mutenge. Apempheni azitumizenso pa WhatsApp. Chithunzi chanu cha pa WhatsApp adzachiona asanaone nkhope yanu, ndiye cha botolo m'manja chija chiyambe chapuma.

Ulendo wokha umagwetsa anthu ambiri kuposa mafunso. Johannesburg si Limbe kuti ungoyenda wapansi ukasochera. Ngati ndalama ilipo, pitani dzulo lake mukaone malowo, muwerenge nthawi kuchokera pakhomo panu mpaka pageti pawo. Ngati palibe, funsani kondakitala wa pa renki, amene kuno amati queue marshal, kuti takisi yake imakwerekera pati ndipo mukatsike pati. Kumbukirani kuti takisi sinyamuka isanadzaze; nthawi ya m'mawa mzere ndi wa anthu, ikakwana 10 koloko mzere ndi wa matakisi odikira anthu, ndipo zonsezi zimadya nthawi. Mayina a misewu amasokonezanso. Pa mapu mupeza Lilian Ngoyi Street pomwe aliyense akuti Bree, ndipo William Nicol Drive inasinthidwa mu 2023 kukhala Winnie Mandela Drive, koma adona a ku Fourways akhoza kukuuzanibe dzina lakale. Sitima yothamanga ya Gautrain ndi yodula, koma kuchokera pa Park Station kufika ku Sandton sipatha mphindi 15, ndipo tsiku limodzi lokhalo ikhoza kukupulumutsani pamene msewu waukulu wa M1 waima chifukwa cha ngozi kapena maloboti afa. Pa nthawi imene mwawerengayo onjezanipo ola lathunthu. Kenako palinso geti: m'makompuleksi ndi m'maofesi mlonda amafuna chiphaso, amalemba m'buku, amaimbira mwini nyumba, mwina amafuna khodi imene inatumizidwa pa foni yanu imene yazima. Fikani pageti kudakali mphindi 30, mulowe kudakali mphindi khumi. Mukaona kuti muchedwa, imbani nthawi isanakwane, osati itapitirira.

Zovala sindichulutsapo mawu. Zoyera, zosita, nsapato zotseka zopukuta. Suti ya ukwati pa ntchito ya m'munda imaseketsa; tengani ovolosi ndi mabuti m'chikwama chifukwa akhoza kukuyesani pomwepo. Mu Juni ndi Julayi m'mawa wa kuno umaluma kuposa wa ku Dedza, valani juzi yabwino kuti musafike mukunjenjemera. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi mvula ya mabingu imagwa masana mosachenjeza, mapepala akhale mu pulasitiki.

Tsono mafunso enieni. Bwana wodziwa zinthu safunsa ngati ndinu wolimbikira, amafunsa kanthu kakang'ono kamene wodziwa ntchito yekha angayankhe. Wa m'munda amufunsa za puulu. Yankho lomveka ndi ili: pH ikhale pakati pa 7.2 ndi 7.6, ndipo asidi ndi klorini sizithiridwa limodzi kapena kusungidwa mophatikiza. Pochapa sefa, mumayamba mwazimitsa pampu, n'kutembenuza chogwirira cha pa sefa kupita pa backwash, n'kuyatsa mphindi ziwiri kapena zitatu mpaka madzi a pa kagalasi kaja ayere, n'kuzimitsanso, rinse kwa theka la mphindi, n'kuzimitsanso, kenako kubwezera pa filter. Wotembenuza chogwiriracho pampu ili chiyakire amang'amba labala ya m'kati, madzi n'kuyamba kuthawira ku dreni, ndipo mwini puulu aliyense amene analipirapo zimenezi amafunsa funso limeneli. Weed eater yambiri, ija yotchetchera udzu yonyamula m'manja, imamwa petulo wosakaniza ndi oyilo wa two-stroke, kawirikawiri 50 kwa 1, kutanthauza 100 ml pa malita 5. Mukaithira petulo wosasakaniza injini imauma n'kugwirana, pomwe makina ambiri okankha otchetchera kapinga amafuna petulo yekha, oyilo ali ndi malo ake. Marozi kuno amadulidwa chakumapeto kwa Julayi. Ndipo mukatchula kuti m'miyezi yotentha mzinda umaletsa kuthirira ndi payipi kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo, adziwa kuti simunafike dzulo.

Wa m'nyumba amupatsa shati kuti asite, kapena amulozera kauntala ya kukhitchini n'kufunsa kuti angaipukute ndi chiyani. Pa mwala wa mabo (marble) sipafika viniga kapena ndimu, zimadya mwalawo n'kusiya chipsera chosachoka. Jik sasakanizidwa ndi mankhwala a m'chimbudzi kapena alionse okhala ndi amoniya, mpweya wake umapweteka mapapo, makamaka m'bafa lotseka. Pa kansalu ka m'khosi mwa chovala pali chithunzi cha simbi: kadontho kamodzi ndi moto wochepa wa nayiloni, atatu ndi moto waukulu wa thonje. Juzi ya ubweya m'madzi otentha imatuluka ya mwana. Mudziwenso nyumba imene mukupita. Ku Mayfair, Fordsburg ndi Lenasia makhitchini ambiri ndi a halaal, ndipo abale athu achisilamu a ku Mangochi ndi Machinga azinena poyera kuti malamulowo anakula nawo, ndi luso limenelo. Ku Glenhazel mabanja ambiri ndi achiyuda osunga kosher: za mkaka ndi za nyama sizikumana, mbale, mipeni, ngakhale masiponji n'zosiyana. Ngati simunagwirepo m'nyumba yotero nenani, muonjeze kuti mukufuna akuonetseni tsiku loyamba. Wolera ana akhale ndi satifiketi ya first aid ngati angathe, ndipo afunse yekha ngati mwanayo ali ndi zakudya zimene zimamuwenga.

Dalaivala adziwe kuti kuno amalankhula za malaisensi a Code 8, Code 10 ndi Code 14, ndipo wonyamula katundu pa galimoto yaikulu kapena anthu olipira amafunikanso PrDP, chilolezo chapadera cha dalaivala wa pa ntchito. Akakupatsani kiyi kuti akuyeseni musathamangire kuliza injini. Zungulirani galimotoyo kaye, matayala, magetsi, oyilo, madzi, disiki ya pagalasi. Mayeso amayambira pamenepo.

Funso loti munachokeranji kumene munali, liyankheni mwachidule ndipo musanyoze bwana wakale, ngakhale anali nkhanza zokhazokha. "Anasamukira ku Cape Town," "Kontirakiti inatha," "Ndimafuna masiku asanu, iwo amandipatsa awiri." Zakwana. Pali mafunso enanso amene simukakamizidwa kuyankha. Lamulo la Employment Equity la 1998 limaletsa kusala wofunsira ntchito chifukwa cha pakati kapena HIV, ndipo bwana sangakutumizeni kukayezetsa HIV mwa kufuna kwake. Mukhoza kungoti, mwaulemu, thanzi langa silindiletsa kugwira ntchito imeneyi.

Za ndalama ndiye pamene manyazi athu amatidyetsa mwala. Pitani mutawerengera kale. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka anayamba pa R20 pa ola mu Januwale 2019, pa 1 Malichi 2025 anafika pa R28.79, ndipo amakwezedwa chaka ndi chaka m'mwezi womwewo, choncho onani a chaka chino musananyamuke. Kuyambira 2022 wa m'nyumba ndi wa m'munda amalandira mlingo womwewo ngati wina aliyense. Pa R28.79 ya 2025 ija, tsiku la maola 8 ndi R230.32. Sabata ya maola 45, amene ndi malire a maola wamba, ndi R1,295.55, ndipo mukachulukitsa ndi 4.33 mupeza pafupifupi R5,600 pa mwezi. Amenewo anali a pansi penipeni mu 2025, a munthu amene wangoyamba; wa zaka zisanu ndi refelensi asayambire pamenepo. Kenako chotsanipo thiransipoti. Tiyerekeze kuti takisi ndi R25 ndipo mumakwera ziwiri popita, ziwiri pobwera: ndi R100 pa tsiku, R2,200 pa masiku 22. Ntchito ya R6,000 ku Midrand kwa munthu wokhala ku Rosettenville ikhoza kuchepa kuposa ya R5,600 ya ku Turffontein yoyenda wapansi. Akakufunsani kuti mukufuna zingati, tchulani nambala, mukhale chete. Musaitsitse nokha iwo asanayankhe.

Safunsa anadya phula, ndiye akati muli ndi funso, musati ayi. Kuyamba nthawi yanji, kuweruka nthawi yanji? Loweruka ndi Lamlungu bwanji? Ovataimu mwalamulo ndi malipiro a ola ndi theka lake, Lamlungu ndi kawiri kwa amene sagwira Lamlungu nthawi zonse. Tchuthi ndi masiku 21 otsatizana pa chaka, zimene ndi nkhani yaikulu kwa munthu wofuna kukaona ana kumudzi pa Khirisimasi, poti basi yokha imadya masiku awiri kupita, awiri kubwera. Wogona konko afunse kuti aone chipindacho, ndipo adziwe kuti wa m'nyumba sangadulidwe zoposa 10 peresenti ya malipiro chifukwa cha malo ogona. Afunsenso kuti usiku ntchito imatha nthawi yanji, chifukwa "stay in" kwa mabanja ena imatanthauza kuti belu likhoza kulira 11 koloko usiku. Ku kampani funsani ngati nambala imene atchulayo ndi yolowa m'thumba kapena ndi "cost to company", imene mumachoka msonkho, 1 peresenti ya UIF (thumba lothandiza munthu ntchito ikatha), mwinanso penshoni ndi medical aid.

Intaviyu ina si intaviyu. Uthenga wa pa Facebook kapena WhatsApp woti mwapambana kale ntchito imene simunafunsire, bwerani ndi ndalama ya yunifolomu, ya maphunziro kapena yofufuzira mbiri yanu, umenewo ndi msampha. Lamulo la Employment Services la 2014 limaletsa kulipiritsa munthu wofuna ntchito kuti amupezere ntchito. Ejenti amalipidwa ndi bwana. Chizindikiro china ndi adilesi yosatchula kampani, kungoti mukafika pakona yakuti mutiimbire tidzakutengani. Kulikonse kumene mukupita, makamaka amayi opita kunyumba ya munthu wosamudziwa, muuzeni m'bale adilesi ndi nthawi, mumutumizire live location, ndipo mugwirizane kuti akuimbirani pakatha ola.

Ambiri amamaliza ndi mawu oti bwerani mawa tikuyeseni. Vomerani, koma mufunse pomwepo kuti tsikulo alipira zingati ndipo kuyesako ndi kwa masiku angati. Tsiku loyesa ndi tsiku la ntchito, ndipo lamulo limati ngakhale mugwire maola awiri okha, akulipireni a maola anayi. Pali mabwana amene nyumba yawo imayera chaka chonse ndi anthu oyesedwa. Ngati sananene kanthu, tumizani uthenga waufupi wothokoza madzulo omwewo, mudikire tsiku limene analonjeza, likadutsa mufunse kamodzi.

Akakutengani, pemphani kuti zimene mwagwirizana zilembedwe musanayambe: dzina ndi adilesi ya bwana, ntchito yanu, tsiku loyamba, maola, malipiro ndi tsiku lolandira, zodulidwa, tchuthi ndi notisi. Lamulo la Basic Conditions of Employment la 1997 limamulamula kutero, ngakhale akhale mayi wa pakhomo wolemba munthu mmodzi. Zinthu zikadzavuta, CCMA, bungwe lothetsa mikangano ya pa ntchito, imapereka masiku 30 okha kuti mukadandaule za kuchotsedwa mopanda chilungamo, ndipo khoti la za ntchito linagamula mu 2008 kuti ngakhale mlendo amene pemiti yake yatha ndi wantchito ndithu pamaso pa lamulo. Kumeneko adzafunsa kuti munayamba liti ndipo mumalandira zingati. Pepalalo mulijambule pa foni tsiku lomwelo, chithunzicho mutumizirenso m'bale wina kuti chikhale pa mafoni awiri.